Mwala Umene Unasungira a Rozina Malo

Ndisanayambe, nditchuliretu mboni zanga, chifukwa kuno anthu amati ndimathira mchere pa nkhani, chonsecho sindinathirepo ngakhale kambulu kamodzi. Mboni yoyamba ndi a Wedisoni, mkulu wa ife adzukulu okumba manda m'mudzi muno. Atsala ndi mano atatu, ndipo onse atatuwo sanatafunepo bodza. Yachiwiri ndi mayi Edina, mwana wa mng'ono wawo wa malemu, amene amagulitsa nanazi pamsewu wopita ku Muloza. Yachitatu ndi a Fanesi, mayi wamasiye wa ku Muloza komweko. Iwowa sandikonda, choncho akavomereza zimene ndalemba apa mudziwe kuti zinachitikadi. Mboni yachinayi ndi mwala. Suyankhula, koma chiyambire sunasamukepo, ndipo wokayika aliyense angathe kudzauona tsiku limene kwathu kudzagwe maliro.

Sabata yatha tinamanga chiliza cha anganga a Rozina, patatha chaka chiwaikire m'manda. Ine si m'bale wawo. Abale sakumba, ntchito yawo ndi kulira. Okumba ndife a mabanja ena, ndipo mwambo umatilola kuseka ndi kuselewula pamaliro kuti anamfedwa asamire m'chisoni. Ndiye amene aone ngati ndikuseka malemu adziwe kuti ndili pa ntchito.

A Rozina anali aafupi. Masiku amene ankathyola tiyi kuesiteti, akalowa mumzere tiyi ankawamiza, dengu lokha n'kumaoneka likuyenda, mpaka kapitawo ankawalemba kuti ajomba iwo ali momwemo. A Wedisoni analipo. Ankayenda mofulumira, mutu uli patsogolo ngati nkhanga, ndipo sankakonda kupatsidwa moni wautali panjira. Ukayamba kufunsa za ana ndi za mbuzi ankakudula, amvekere zonse zili bwino, zimene sizili bwino sungazikonze. Sanakwatiwepo. Anamwalira ali ndi zaka zoposa makumi asanu ndi atatu, ndipo pa zaka zonsezo anakonda mwamuna mmodzi, telala wa ku Muloza dzina lake Jowaki, amene sanamugwirepo ngakhale dzanja kuchokera tsiku limene akuluakulu anagamula.

Loweruka lililonse, kuyambira ine ndisanabadwe mpaka ndamera imvi, a Rozina ankasenza kamtolo n'kuyenda maola awiri kupita ku Muloza. M'kamtolomo munkakhala zinthu ziwiri: mbale ya kalongonda ndi chitenje chong'ambika. Kalongonda mukumudziwa, safuna munthu wothamanga. Uwiritse, utaye madzi, uwiritsenso, utayenso, tsiku lonse, apo ayi akuzunguza mutu. Iwo ankamuyamba Lachisanu m'mawa. Chitenje ndiye sichinkavuta, ankaching'amba okha. Mayi Edina ali mtsikana anawapezerera kuseri kwa nkhokwe akuchikoleka pa msomali n'kumakoka ndi mphamvu zonse, lilime lili panja. Atawaona anangoti, "Iwe Edina, msomali uwu udzapha munthu."

A Jowaki ankakhala pakhonde la sitolo ina ndi makina awo opalasa ndi mapazi. Anali aatali, oonda, ndipo ankasunga mapini m'kamwa, zimene zinkawapulumutsa ku kuyankhula zambiri. Ndinamvapo ndekha macheza awo kangapo, ndipo sankasintha.

"Mwadzuka bwanji, achimwene? Chang'ambikanso."

"Chang'ambikanso, achemwali? Misomali ya kwanu njaukali."

"Njaukali ndithu."

A Rozina ankaika chitenje patebulo, a Jowaki n'kuchitola patebulo. Sichinkachoka m'manja kupita m'manja. Kenako mayiwo ankakhala pansi kutsamira mzati, telala n'kuyamba kusoka. Munthu amene ankamaliza yunifolomu ya mwana wasukulu madzi a tiyi asanawire, pa kang'ambo kotalika ngati chala ankatha m'mawa wonse mpaka dzuwa kupendeka. Ankakamba za mvula, za nandolo, za amene wamwalira. Nthawi zambiri sankakamba kanthu. Anyamata a kabaza ndi osintha ndalama anazolowera, moti ankadziwira pamenepo kuti lero ndi Loweruka. Chitenje chimodzi chobiriwira chinasokedwa mpaka ulusi unachuluka kuposa nsalu. Pomaliza chinkaima chokha ukachitsamiritsa kukhoma. Ndinachinyamulapo, chinali cholemera ngati chikopa cha ng'ombe.

Achimwene, achemwali. Kuti mumvetse maina amenewa tibwerere m'mbuyo.

A Jowaki anachokera kutsidya kwa malire, kuseri kwa Milange, ali mnyamata, kudzafuna ntchito ya tiyi. Anakumana ndi a Rozina mumzere, mwina anapunthwa pa iwo osawaona. Anagwirizana. Kuno mwamuna ndiye amasamuka, amapita kwawo kwa mkazi n'kukamanga nyumba pa malo amene apongozi amuloza. Bwino lake munthu amadikira ankhoswe amalize kukambirana asanadule mtengo ngakhale umodzi. Koma mnyamatayu anali wakhama, kwawo kunali kutali, ndipo makolo a Rozina anamukonda. Anati ayambe kumanga, ankhoswe adzangotsirizitsa. Anazika mitengo, anamata, anafolera. Chinatsala ndi chitseko.

Tsiku la ankhoswe anthu anakhala pabwalo, mbuzi itamangidwa kale pamtengo wa mapeyala. Zonse zinkayenda bwino mpaka agogo awo a Rozina, nkhalamba yosaona bwino, anapempha kuti mnyamatayo asendere pafupi. Anamufunsa m'Chilomwe dzina la amayi ake. Anatchula. Dzina la amayi a amayi ake. Anatchula, monyadira, n'kuwonjezera ndi dzina la phiri limene anabadwira. Anamufunsa nihimo lake, ndiye kuti mtundu umene munthu amatengera kuchimayi. Anatchulanso. Nkhalamba ija inamugwira nkhope ndi manja onse awiri n'kulira. Gogo wa mnyamatayo anali mkulu weniweni wa nkhalambayo, wobadwa naye bere limodzi, amene anatsala kutsidya pamene enawo ankathawa thangata ya Apwitikizi. Zaka zonsezo sankadziwa ngati ali moyo.

"Mwana wa kwathu wapezeka," inatero nkhalambayo.

Amayi anaimba nthungululu. Mbuzi ija inaphedwabe, koma inadyedwa polandira mwana wotayika. A Rozina anali kuseri kwa nyumba monga amachitira mtsikana pa tsiku lotere. Atamva nthungululu anadziwa kuti zatheka. Anatulukira akumwetulira, atavala mikanda yawo, amayi awo n'kuwagwira pamkono kuti, "Bwera udzapereke moni kwa mlongo wako."

Anthu a nihimo limodzi sakwatirana. Panali ena amene ananena kuti kutchalitchi ubale wotere sauwerengera kwambiri, koma amayi a Rozina anati m'mudzi mwawo simudzalowa tsoka iwo ali moyo, ndipo a Jowaki eni ake ankaopa. Ananena liwu limodzi lachipwitikizi, pasiyensiya, limene anthu a kutsidya amanena zinthu zikakanika, ngati kunena kuti tingopirira. Anatenga kasemasema wawo n'kupita. Patatha zaka zitatu anakwatira a Fanesi.

A Rozina sanadanepo ndi agogo awo pa nkhaniyi. Amene ankamudandaula ndi Jowaki, ati chifukwa chiyani mwana wamwamuna anasunga maina a agogo ake m'mutu ngati katekisimu, pamene anyamata anzake sadziwa n'komwe dzina la amayi awo. Akanangoiwala dzina limodzi. Koma ankanenanso kuti akuluakulu sanawalande munthu, anangowapatsa ndi dzina lina, ndipo mlongo palibe amene angakuletse kukamuona. Lamulo lomwe linawatsekera linawasiyira kampata, iwo anakhala m'kampatako moyo wawo wonse.

Analowa m'nyumba ija okha. Chiswe chinaidya, anaimanganso pomwepo, muyeso womwewo. Inagwa ndi mvula, anaimanganso. Ndikukumbukira kasanu. Panalibe ngakhale kamtengo kamodzi ka a Jowaki kotsala, koma ankaitchulabe nyumba ya achimwene. Pakhomo ankatsekapo ndi kachitseko ka bango kongotsamiritsa. Ana a mayi Edina atayamba ntchito m'tauni anabwera ndi chitseko cha matabwa, cha loko. A Rozina anachiyamikira kwambiri, anachisisita, n'kuchisandutsa choanikapo makaka a chinangwa. Ati mwini nyumba sanamalize, ndipo si bwino kumalizira munthu ntchito yake.

Amuna ankabwera. Munda unali wawo, nkhope inali yabwino, ndipo amayi awo ankalalata tsiku ndi tsiku kuti malo a makolo adzasiyira ndani popanda mwana wamkazi. Woumirira kwambiri anali kapitawo wina wa njinga ya belu ziwiri. Anabwera kanayi. Ulendo wachisanu a Rozina anamulandira bwino, anamuyalira mphasa, n'kumupatsa kalongonda. Masiku awiri otsatira kapitawoyo ankapezeka m'dimba akupereka moni kwa nthochi imodziimodzi, chipewa chili m'manja. Mayi Edina amati inali ngozi. Ine ndimati madzi anatayidwa kamodzi kokha. Chichokereni pamenepo ofunsira anachepa. Amayi awo anatopa, a Rozina analera Edina, ndipo munda ndi umene uli ndi nanazi lero.

Ndi a Fanesi zinali zina. Mkazi wa a Jowaki ankagulitsa nsomba za kalapawo kutsidya kwa msewu, moyang'anana ndi khonde lija, ndipo sanali munthu wopusa. Sakanatha kuthamangitsa mlongo wa mwamuna wake, ndiye anasankha kumubaya ndi ulemu. A Rozina akangotulukira pakona, a Fanesi ankaimirira n'kukuwa kuti amve ndi asilikali a pachipata cha malire omwe: "Alamu anga afika. Alamu, mwabwera kudzaona achimwene anu? Mlongo wanu weniweni uja?" Loweruka lililonse, zaka makumi anayi. Tsiku lina anakhuthulira kalongonda nkhuku. Tsiku lina analanda chitenje n'kuchisoka okha pamanja, ati amuna anga atopa. A Rozina anathokoza, anakhala pansi pomwepo, n'kuphwasula ulusi wonse ndi mano, umodziumodzi, kenako n'kuika chitenjecho patebulo. A Jowaki anawonjezera mapini m'kamwa.

Komabe chaka cha njala ija yaikulu, pamene a Fanesi anali ndi ana asanu ndi mmodzi ndipo anthu analeka kusoketsa zovala, kamtolo ka Loweruka kanasanduka dengu la chinangwa. Miyezi inayi. A Fanesi ankalandira osayang'ana kumaso. A Rozina ankati si za iwo, n'za ana a mlongo wanga. Chaka chimenecho iwo eni ake anaonda mpaka mphepo ya m'phiri inawagwetsa kawiri panjira. A Fanesi akakana zina zonse, izi sangakane.

A Jowaki anamwalira atakalamba, atadwala chifuwa milungu iwiri. Uthenga unafika m'mudzi m'mawa. A Rozina sanalire. Anabwera kwa a Wedisoni, anabwera kwa ine, anatenga ndi amuna ena anayi, amvekere tiyeni tikatenge maliro athu. Tinayang'anana, koma tinapita.

Kuno mwamuna akamwalira amakagona kwawo kwa amayi ake. Kuchikamwini anangobwera kudzagwira ntchito. Koma kwawo kwa a Jowaki kunalibenso munthu, nkhondo ya kutsidya inamwaza onse, mudzi unasanduka tchire. Ndiye alongo a Fanesi anali atagwirizana kale zoti aikidwe kwawo kwa mkazi, ndipo adzukulu a kumeneko anali atanola makasu. Tinafika anthu atadzaza. A Rozina anadutsa pakati pawo, ambiri sanawaone, anangomva mawu akuchokera pansi.

"Ndabwera kudzatenga mlongo wanga."

Mlongo wamkulu wa a Fanesi anaseka pang'ono. "Mayi, ubale wake uti? Amene anaunena anafa kalekale. Mboni ili kuti?"

"Ili m'nyumbamo ikulira. Aitaneni."

A Fanesi anatuluka atagwiriziridwa, maso ali otupa.

"Mayi," anatero a Rozina, "zaka makumi anayi mwakhala mukundiitana chiyani pamsewu paja?"

A Rozina analoza khamu la anthu.

"Anthu a kabaza ali pano. Osintha ndalama ali apo. Munkandiitana chiyani?"

"Alamu."

"Munkanama?"

A Fanesi akanati ankanama, ndiye kuti akuvomera pamaso pa ana awo kuti zaka zonsezo mkazi wina ankadzakhala pakhonde la mwamuna wawo. Anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Sindinkanama. Atengeni." Akuluakulu a kumeneko anakambirana, koma mwambo unali woonekeratu. Tinakweza bokosi pa matola. A Rozina anakhala kumbuyo, dzanja lili pa bokosi njira yonse. Aka kanali koyamba kuika dzanja pa a Jowaki chichokere tsiku la ankhoswe lija.

Kumanda kwathu timakumba motsatira mzere. Wamwalira lero amagona pambali pa amene anamwalira dzulo, posayang'ana kuti ankakondana kapena ankalodzana. A Rozina ankadziwa zimenezi, ndipo anawerengera bwino: amene atsatire a Jowaki ndiye agone nawo pafupi. Atachoka kumanda anachapa zovala zawo zonse, anagawa nkhuku, anauza Edina malire a munda, n'kugona pamphasa kudikira. Sankadwala kalikonse. Anadikira milungu itatu, akudzuka kokha kukadya. Sabata yachinayi imfa inabwera m'mudzi n'kutenga a Simoni, chidakwa cha kachasu. A Rozina anakwiya kwambiri. Anati Simoni chibadwire sanafikepo msanga pena paliponse, lero waona chiyani.

Tinapita kukakumbira a Simoni pambali pa a Jowaki. Dzenje litangofika m'katumba mwa mwendo, piki inalira n'kuthetheka moto. Mwala. Tinayesa uku, mwala. Uko, mwala. A Wedisoni anati tisataye nthawi, tinakwirira, tinadumpha malowo n'kukumba patsogolo pake. Mzere unapitirira, pakati n'kutsala mpata wokwana munthu mmodzi.

Mawa lake a Rozina anandipeza ndikupala mpini pakhomo panga. Nkhope inali yowala ngati ya mtsikana.

"Iwe Bonifasi, mwala uja ndi wanga. Ukundisungira malo."

"Anganga, mwala uja ukusungira malo aliyense. Sulola munthu."

"Ndiye uziuswa pang'onopang'ono. Ine sindikufulumira."

Ndinawauza zimene ankazidziwa kale. Kumanda sulowa popanda maliro, ndipo kukumbira munthu wamoyo ndi nkhani imene imathera pa kutchedwa mfiti. A Wedisoni anakana kwamtuwagalu, ati iwo sanayambe lero ntchitoyi ndipo sadzakonzera bedi munthu amene akudyabe. A Rozina anamvetsera zonse, kenako anandiyang'ana ine ndekha n'kunena kuti munthu wonyamula mgwala, chitsulo chokumbira chija, amatopa, ndipo akatopa mgwala umagwa, ndipo umagwera pamene wagwera. Ndinalonjeza. Sindikudziwa chifukwa chake. Mwina chifukwa ndili mwana ndinadyako chinangwa chawo chaka cha njala chomwe chija.

Anakhalabe ndi moyo zaka khumi ndi zitatu. Pa zaka zimenezo sanaphonye maliro ngakhale amodzi, poti ndiyo inali njira yokhayo yolowera kumene kunali a Jowaki. Maliro anasanduka Loweruka lawo. Wina akadwala kwambiri ankapita kukamuzonda ndi phala, mwachifundo chenicheni, koma odwala ena ankati akawaona pakhomo ankachira ndi mantha. Kumanda sankakhala ndi amayi anzawo. Ankapita kukakhala pa msana wa mwala uja, umene mvula inaufukula, n'kumazula udzu pa manda a telala nyimbo zili mkati. Ine ndikamadutsa pamenepo m'mawa ndi anzanga, mgwala unkandipulumuka. Katatu, kanayi. A Wedisoni ankayang'ana mitambo. Pobwerera a Rozina ankandikoka malaya.

"Wamenya kangati?"

"Kasanu, anganga."

"Dzulo unadya? Kasanu n'chiyani, mwamuna wonse iwe?"

Zaka khumi ndi zitatu za kumenya zinatulutsa kadzenje kokwana mbale ya ndiwo. Iwo ankakayeza ndi chikhatho, n'kunena kuti zikuyenda.

Anagwa m'nyengo yozizira, miyendo inakana. Maliro oyamba amene anaphonya anali a mwana wa mphunzitsi. Titachoka kumanda masana, ine ndi a Wedisoni tinapatukira kwawo. Tinawapeza atagonekedwa pakhonde kuti aothere dzuwa, atafunda chitenje chobiriwira chija. Anali atachepa kwambiri moti poyamba ndinayesa mayi Edina ayanika chitenje chokha.

"Bonifasi, mwala."

Ndinanena kumayambiriro kuti sindithira mchere, ndipo ndikubwerezanso. Bodza langa ndi limodzi, nali.

"Wang'aluka, anganga. Lero lomwe. Mng'alu wolowa chala, kuchokera kumutu mpaka kumiyendo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Iwe umanama."

"Funsani a Wedisoni."

Anatembenuzira maso kwa a Wedisoni. Mkuluyo anagwedeza mutu. Mano aja sanakhudzidwe, anangogwedeza mutu. A Rozina anatseka maso n'kuseka pang'ono, kenako anauza Edina kuti tsiku lake adzawafunditse chitenje chomwechi, asadzagule nsalu yatsopano, mwini wake adzazindikire ulusi wake. Anakhalabe mpaka nyengo yotentha. Sanafunsenso za mwala.

Tsiku loika maliro awo tinalowa kumanda kutangocha, amuna khumi ndi anayi. A Wedisoni sanadikire kuti ndipemphe, analunjika okha pampata paja. Tinaitana ndi anthu awiri oswa miyala ya kwale pamsewu, amene amadziwa mitsempha ya mwala. Tinafukula dothi lonse, tinaunjika matayala akale ndi nkhuni, tinayatsa. Utsi wakuda unakwera mpaka anthu a ku Muloza anayesa fakitale yapsa. Mwala utafiira tinathira madzi ozizira a mumtsinje. Unalira, unatulutsa nthunzi, unagwetsa tizibanthu tonga makoko a chinangwa. Tinamenya ndi nyundo. Mipini itatu inathyoka. Tinayatsanso, tinathiranso. Mmodzi wa oswa miyala anati tifune m'mphepete mwake, mwina tiutembenuze. Tinakumba kumutu, mwala ukupitirira. Kumiyendo, ukupitirira. A Wedisoni anagwada, anausisita, anayang'ana kumtunda kumene phiri linaima, n'kunena kuti, "Amwene, uwu si mwala. Ndi phiri lomwe lija, langobisa phazi."

Dzuwa linafika pamutu. Kumudzi anatumiza munthu kawiri kudzafunsa, ati akatekisi ayamba kubwereza nyimbo, ndipo ndi kutentha kumeneku thupi silingadikirenso. Tili mkati mokangana tinamva belu la kabaza. Anali a Fanesi, okalamba, ndodo m'manja. Amayi safika kumanda pamene adzukulu akukumba, koma panalibe amene anali ndi mphamvu yowabweza. Anaima m'mphepete mwa dzenje n'kuyang'ana mwala wakudawo.

"Mwalekeranji?"

"Mayi, zakanika," anatero a Wedisoni.

"Menyaninso."

"Tamenya chiyambire m'mawa."

"Ine ndikafa ndikagona kwa amayi anga, kutali uko. Munanditengera mwamuna, chabwino. Ndiye agone yekha, mpata uli apa? Mayi uja wayenda zaka zonsezi, miyendo inatha. Menyaninso, inu."

Tinamenyanso. Ine ndinamenya mpaka zikhatho zinasupuka, mpini n'kumaterera ndi magazi. Wina anati tiwaike pomwepo pamwamba pa mwala n'kuunjika dothi lambiri. A Wedisoni anati dzenje lofika m'katumba ndi loitana agalu ndi afisi. Mnyamata wina wobwera kuchokera m'tauni anati bwanji titsegule manda a a Jowaki, tiwaike pamodzi, poti kwina amatero. A Wedisoni anayankha motsitsa mawu kuti a Rozina anabweretsa a Jowaki kuno ngati mlongo wawo, mudzi wonse ukumva, ndipo mlongo sagona malo amodzi ndi mlongo wake. Ndinayang'ana a Fanesi kuti mwina atsutsa. Sakanatha kutsutsa. Iwo ndi amene anavomera tsiku lija kuti sankanama.

Tinanyamula makasu kupita kumapeto kwa mzere. Dothi la kumeneko linali lofewa ngati ufa. Tinamaliza ola lisanakwane, ndipo palibe amene anaponya nthabwala, ngakhale ine. Pamene tinkatsitsa bokosi, mayi Edina anandinong'oneza kuti malemu anawauza kuti mwala unang'aluka. Ndinati inde, ndinawauza choncho. Sanandifunsenso china.

Kuchokera pa manda a a Rozina kufika pa manda a a Jowaki pali mapazi makumi atatu ndi limodzi. Ndinayeza sabata yatha, simenti ya chiliza ikuuma. Kale unali ulendo wa maola awiri ndipo ankautha Loweruka lililonse.

Nyumba ya achimwene denga lake layamba kulowa pakati, kachitseko ka bango kanagwa ndipo palibe wakadzutsa. Koma malo amene ndimaima nthawi yaitali ndi mpata uja. Sitinaukwirire bwino, mvula inamaliza kuufukula. Mwala uli poyera, wakuda ndi utsi, utali wake ndi wa munthu wamfupi atagona. Mawaya a matayala aja achita dzimbiri m'mbali. Udzu wamera pa manda a telala, poti wozula palibe, koma pamwalapo sipamera kanthu. Pakati pali kadzenje kanga ka zaka khumi ndi zitatu, kamene kamasunga madzi mvula ikagwa, ndipo timba amabwera kudzamwa. Mng'alu palibe. Ndinagwada, ndinafufuza ndi chala kuchokera kumutu mpaka kumiyendo. A Rozina anati mwalawo ukuwasungira malo, ndipo ukusungabe.